Mipeni ya Makina a Alamu Anga

Abale anga, Mulungu ndi wabwino, ndipo amene akukayika andiyang'ane ine. Musayambe kuseka panopa, zoseketsa zili kutsogoloku. Abusa andinong'oneza kuti ndisatalikitse, koma ankandidziwa kale pondipatsa mpata, ndiye vutolo ndi lawo.

Ine ndine Laisoni. Kwathu kobadwira ndi cha ku Magomero, koma ndinakwatira kumunsi kwa Njuli kuno. Ambiri mumandidziwa kuti bambo a Dolika, mmisiri wa matabwa. Koma inu mwakhala kumbuyoko, pafupi ndi khomo kuti muthawe bwino, munandidziwa ndi dzina lina, lija la Che Matumbo. Musabise nkhope, ndakuonani kale. Tinkamwera chikho chimodzi ife. Lero ndabwerera inuyo, enawa angomvera nawo.

Nkhani yanga ikuyambira pa alamu anga a Maliko, mlongo wawo wa akazi anga. Atabwera ku Joni anagula chigayo n'kuchiika pa Njuli. Kenaka mzungu wina wa esiteti ya fodya, polongedza kuti azibwerera kwawo, anagulitsa katundu yense, ndipo alamu anagulako makina opalira matabwa. Chinthu chachitsulo chokhachokha, chakale kuposa ine, cholemera moti pochitsitsa mu lole tinaitana mudzi wonse. M'kati mwake muli mutu wachitsulo umene umazungulira, ndipo pamutupo pamamangidwa mipeni iwiri yopyapyala, kutalika kwake kuchokera pachigongono kufika pachikhatho. Ukalowetsa thabwa lokhakhala mbali ino, limatulukira uko lili see! Magetsi tinalibe. Injini ya chigayo yomweyo ndiyo inkagwira zonse: m'mawa lamba ku chigayo, masana lamba yemweyo timamusamutsira ku makina. Mipeni inabwera iwiri ili pamutupo, ndi ina iwiri yapadera yokulungidwa m'chiguduli chamafuta.

Alamu anati, "Inu paja munaphunzirako za matabwa. Makina ndi anga, manja ndi anu."

Aaa, abale, zinandiyendera! Zitseko, mafelemu, matebulo a mlombwa, madesiki a sukulu. Anthu ankachokera ku Namadzi ndi matabwa pamutu. Mkamwini amene apongozi ankamutuma kukapirikitsa mbuzi m'munda anayamba kuyalidwira mpando. Ndipo aliyense wolandira katundu wake ankanena mawu amodzimodzi: "Amisiri, fumbi la matabwa limakhalira pakhosi, tiyeni tikalitsitse." Ndinkalitsitsa Loweruka lokha ndi masese. Kenaka Lachitatu lomwe. Kenaka fumbi lija linayamba kundikhalira pakhosi ndisanapale ngakhale thabwa limodzi, ndipo masese anachepa mphamvu, ndinasamukira kwa kachasu.

Tsopano mverani mmene mmisiri amadziphera yekha. Masiku amenewo anthu ankagula matabwa a m'zigafa zakale za pa esiteti. Matabwa abwino zedi, ouma, koma m'kati mwake muli misomali yoduka mitu. Munthu uli bwinobwino umayamba walikwecha thabwalo, kufunafuna kadontho ka dzimbiri. Ine tsiku lina ndinangolowetsa. Khakhakha! Mipeni yonse iwiri magweru. Thabwa lililonse linayamba kutuluka ndi mizere.

Mipeni imeneyo inkafuna mwala wamadzi, kunola pang'onopang'ono tsiku lathunthu. Ine tsiku lathunthu ndinalibe, anzanga anali akundidikira. Ndinathamangira ku galaja ina kumene kunali mwala wouma woyendera injini. Ndinakanikiza mpeni, moto uli thethethe, ine n'kumasangalala kuti ntchito ikuyenda. Chitsulo chinasanduka chabuluu. Chitsulo chikafika pamenepo chapsa, chafewa, chimabuntha pa matabwa awiri okha. Ndiye ndinkabwereranso ku galaja, n'kubwereranso, mipeni ikunka ichepa m'lifupi. Yapadera ija nayo ndinaidya chimodzimodzi. Pomaliza mpeni unatsala kachingwe chabe, chomangira chake chikungougwira m'mphepete. Ndinaikako kachidutswa ka chitini pansi pake kuti ukwere, n'kumanga mabawuti ndi manja a munthu woledzera.

Masana amenewo alamu anaima kotulukira thabwa kuti alilandire. Injini itangokoka, ndinangomva fyuu! Mpeni unachoka pamutu paja, unadutsa pambali pa nkhope yawo, n'kukazika m'nsanamira. Chipewa chinagwa pansi, pamodzi ndi kansonga ka khutu. Mukawaona a Maliko muwayang'ane kumanzere, koma musanene kuti ndakuuzani ndine. Lero timaseka. Tsiku limenelo panatsala mpata wa chala chimodzi kuti ndikhale wopha mlamu wanga.

Ankhoswe anakhala pansi, ndipo nkhani sinatalike. Mkamwini amene watsala pang'ono kupha mwini mbumba akangane ndi ndani? Anandipatsa bulangete langa ndi sipanala, n'kundiloza msewu. Alamu anafuna kuti ndiwasudzule akazi anga pomwepo, ukwati uthere pabwalo. Mayi a Dolika, mwana ali kumsana, anangoti, "Zimenezo ndiyambe ndaganiza." Sanandiyang'ane n'komwe.

Ndinakwera basi kupita ku Limbe, ndili ndi mtima woti ndikagula mipeni ina, zonse zitha. Ndinalowa sitolo ndi sitolo. Wina ananditulutsira ya makina atsopano, yaifupi, yobowolabowola. Wina atamva mtundu wa makinawo anaseka n'kuti, "Bambo, amene ankapanga zimenezo anamwalira kale ndi fakitale yawo yomwe." Ndinabwerako chimanjamanja. Ku Magomero sindinapite. Ndikanakawauza chiyani alongo anga, bambo wamkulu kufika ndi bulangete pakhosi? Ndinatsikira pa Njuli n'kulunjika kwa mayi wa kachasu.

Mvula inagwa n'kutha, inabweranso n'kutha, ine ndikugona m'mabenchi a mumsika. Ntchito yanga inali kutsuka matumbo a mbuzi kumtsinje. Mwini mbuzizo anali Che Twaibu, Msilamu wozinga ndi kugulitsa nyama pamsikapo, bambo wamfupi, wosakonda kuyankhula. Ankandipatsako zam'kati kuti ndikaphike, ine n'kukasinthitsa ndi kachasu. Agalu onse a pa Njuli ankandiperekeza kulikonse. Dzina lija linachokera pamenepo. Makina aja anangokhala kuseri kwa chigayo, amayi akuyanikapo ufa, nkhuku ikuikira m'kati. Ndinkazungulira njira kuti ndisawaone.

Tsiku lina ndikuchokera kumtsinje ndi beseni pamutu, ntchentche zili ng'waa, ndinakumana ndi mayi a Dolika akupita kuchigayo. Mwana anali atayamba kuyenda ndi kuyankhula. Anandiloza n'kufunsa, "Amayi, awo ndani?" Amayi ake anamukoka dzanja n'kupitirira. Abale, zinandipweteka kuposa chilichonse. Ndiye mukuganiza ndinasiya mowa? Ayi ndithu, tsiku limenelo ndinamwa kawiri.

Chimanga chitayamba kuuma m'minda, alamu anandipeza pamsika. Anaima patali chifukwa cha fungo.

"Alamu, pali munthu akufuna mlongo wanga. Wogulitsa matimati, wa njinga yatsopano, samwa. Tikakolola nandolo ankhoswe akhalanso. Mudzabwere mudzamusudzule, mwana wa eni apeze mtendere."

Munthuyo ndinkamudziwa. Belu la njinga yake linkalira kuyambira ku msewu waukulu mpaka kumudzi. Ndinangoti chabwino.

Apa ndiye ndiyende pang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene Mulungu anandigwira, ndipo anandigwirira pamalo oti simungaganize.

M'mawa wake ndinali nditagwira miyendo ya mbuzi kuseri kwa msika ngati masiku onse. Che Twaibu anali ndi mwambo wawo. Asanazinge, ankayendetsa mpeni pa chikhadabo cha chala chachikulu, kuyambira kuchigwiriro mpaka kunsonga. Ukangokodwa pang'ono pokha, mbuzi idikire, iwo abwerere ku mwala. Ankati chiweto sichiyenera kuzunzika. Ndinali nditawaona akuchita zimenezi kambirimbiri, koma tsiku limenelo dzuwa linawomba kumsana kwa mpeniwo, ndipo ndinaona timaenje tating'onoting'ono, tondondozana, tofanana. Diso la mmisiri silifa, abale, ngakhale mwini wake atafa ndi mowa. Amenewo anali malo a mano.

"Che Twaibu, mpeni uwu unali macheka?"

"Gwirani mbuzi, achimwene."

Atamaliza anapukuta mpeni n'kundiyankha. Anati mwana wa mlongo wawo amagwira ntchito ku Limbe, kumene amadula zitsulo ndi macheka akuluakulu oyendera makina. Mano akatha, machekawo amatayidwa. Iwo anapempha amodzi n'kusula mpeni. "Chaka chachitatu chino. Ndimangoupukuta pa mwala, sufuna zambiri."

Ndinayang'ana kutalika kwake, kupyapyala kwake, kuwongoka kwake. Chitsulo chimene chimadula chitsulo chinzake, thabwa chingalione ngati chiyani? Ndinatambasula dzanja.

"Ndiugwireko."

Anaubweza kumbuyo. "Mpeni uwu ndimatchulirapo dzina la Mulungu. Dzanja la kachasu siliugwira."

"Kungougwira chabe, Che Twaibu!"

"Mawa. M'kamwa mukakhala mwabwino, ndidzakupatsani. Ndidzanunkhiza ndekha."

Tamvani zimenezo! Abusa anandilalikira, sindinamve. Akazi anga analira, sindinamve. Mwana wanga anafunsa kuti ndine yani, sindinamve. Koma tsiku langa loyamba losamwa ndinalipirira chifukwa chofuna kugwira mpeni wa mbuzi. Musandifunse chifukwa chake, kafunseni Mwini wake kumwambako.

Tsiku limenelo linali lalitali, sindikunamizani. Thukuta, kusanza, thupi lonse ngati mukuyenda nyerere. Che Twaibu anandikhazika pansi pa benchi yawo n'kundipatsa nthambi yoingitsira ntchentche. Ndikati ndidzuke, ankangoti, "Ntchentche, achimwene." Akazi awo anatumiza phala ndi tiyi wa shuga wambiri. Pa nthawi imene anzanga ankadutsa kupita kwa mayi uja, ena mwa inu munandiitana ndi mluzu. Ndinagwira mwendo wa benchi ndi manja awiri.

Kutacha Che Twaibu anandiitana. "Pumirani kuno." Ndinawapumira kumaso, bambo wamkulu ndi ndevu zanga. Anagwedeza mutu n'kundipatsa mpeni, chigwiriro kutsogolo. Ndinapempha tupa amene ankanolera chikwanje, n'kumuyendetsa kumsana kwa mpeniwo. Tupa anangoterereka, osaluma ngakhale pang'ono. Ndinakhala pansi pomwepo n'kulira, mamina ali chuchuchu, anthu ogula nyama akundiyang'ana. Ndinawafotokozera Che Twaibu zonse: makina, nandolo, wa njinga uja.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Macheka ndiitanitsa. Mwala uli kwanga, ndipo suchoka kwanga. Mukaufuna muzibwera, koma pakhomo muziyamba mwapuma."

Macheka anabwera atatu, okulungidwa m'pepala la simenti. Mwala wa Che Twaibu unali wozungulira, waukulu, wokhala m'theka la mgolo wamadzi. Ndinaupangira chopondera kuchokera ku njinga yakutha kuti manja onse awiri azigwira chitsulo. Ntchito yoyamba inali kuchotsa mano otsalira. Iii, chitsulo chimenecho n'chouma mtima! Umaponda kuyambira dzuwa lili pamutu mpaka kupendeka, ukayang'ana, ngati sunayambe. Koma masana amenewo ndiwo anali nthawi yanga ya ludzu, ndiye ludzu linkandipeza miyendo ili pa chopondera, madzi akundithovukira pamimba.

Lamulungu loyamba ndinafika ndili wokonzeka, n'kupeza mwala wavundikiridwa ndi chiguduli, iwo atakhalapo.

"Ine Lachisanu ndimapita kwa Mulungu. Inu mumapita liti?"

"Zovala ndilibe, Che Twaibu."

Analowa m'nyumba n'kutulutsa malaya oyera. Ndiye muziti mukamandiona m'tchalitchi muno, dziwani kuti anandibweza ndi Msilamu, ndipo ndinalowa nditavala malaya ake, manja ake akulekezera m'zigongono. Ndinakhala kumbuyo komwe mwakhala inuko. Mayi a Dolika anali mbali ya amayi. Nyimbo yonse anaimba akuyang'ana kutsogolo, khosi lili gwa.

Ndisakunamizeni kuti zinangoyenda. Ndinagwa. Kunali mowa wa chiliza kumudzi wina, ndinati ndingopita kukaona anthu. Anthuwo ndinawaona, ndi pansi pa chikho pomwe. M'mawa mwake linali Lachisanu, Che Twaibu ali ku mzikiti. Ndinatafuna masamba a gwafa n'kulowa kuseri kwa nyumba yawo mwakachetechete. Tsikulo ndinafuna kudula macheka amodzi kuti afanane ndi mutu wa makina. Chitsulo chimenechi sichichekeka. Umachilemba mzere wakuya pa ngodya ya mwala mbali zonse ziwiri, kuchipana, kuchikulunga chiguduli, kenaka kumenya kamodzi. Ine mzere ndinalemba wosaya, mutu ukuwawa, ndikufulumira. Nditamenya, phwaa! Macheka anasweka pakati, mokhota.

Che Twaibu atabwera anatola zidutswazo n'kuziyang'ana. Sanakalipe, bola akanakalipa.

"Atsala angati?"

"Awiri."

"Makina amafuna mipeni ingati?"

"Iwiri."

"Ndiye mwamva." Anandipatsa madzi akumwa n'kundiuza kuti ndibwere mawa.

Chikho cha pa chiliza chija ndicho chinali chomaliza, mpaka lero lino. Koma sichinangokhala chomaliza chokha, ndinachita kuchitchingira. Ndinapita kwa mayi wa kachasu masanasana, anthu akumva, n'kumuuza kuti akadzandionanso pakhomo pake andithire madzi otsukira mbale. Ndinasintha njira yopita kumtsinje, ngakhale inali yozungulira. Ndinasiya kuyenda ndi njala, chifukwa ndinaona kuti ludzu lija limakonda m'mimba mopanda kanthu. Inu amene mukuti mawa ndisiya, mawa ndisiya, pezani munthu amene sakuopani, woti azikununkhizani m'kamwa m'mawa uliwonse. Mkazi wanu ayi, ameneyo mumamukalipira. Pezani wina woti mukamunamiza muchite manyazi. Ndipo nthawi imene ludzu limakupezani muidziwe, muipezere chogwira.

Mano a macheka aja atatha, ndinawongola mbali yodulira. Ndinkaiika pa chidutswa cha galasi la galimoto n'kuyang'ana kudzuwa. Pomwe kuwala kukudutsa pansi, ndiye kuti sipanafike. Kenaka ndinasema kamtengo kopendekeka koti mpeni uzigonapo, kuti kupendekeka kwa m'mphepete kukhale kumodzimodzi kuyambira uku mpaka uko. Madzi osalekeza. Chitsulo chikangofunda m'manja, imani. Pomaliza mipeniyo ndinaipukuta pa kamwala kosalala ka mumtsinje ndi dontho la mafuta, mpaka Che Twaibu anaiyendetsa pa chikhadabo chawo n'kunena kuti, "Iyi ndingazingire ng'ombe."

Panatsala chimodzi. Mipeni iwiri yozungulira pamutu umodzi iyenera kulemera mofanana, apo ayi makina amanjenjemera mpaka mabawuti kumasuka. Sikelo yabwino pa Njuli ponse inali ya nyama. Ndiye taganizani, tsiku la msika, amayi ali pamzere kudikira nyama, Che Twaibu akupukuta mbale za sikelo n'kuika mpeni uku, mpeni uku. Mayi wina anakuwa kuti, "Kodi lero mukugulitsa zitsulo?" Umodzi unalemerako pang'ono. Ndinathamangira ku mwala kukaudya kumsana, osati kakuthwako ayi, n'kubwerera. Kupita, kubwera, mpaka mbale ziwiri zija zinaima ndendende. Amayi aja anaomba m'manja osadziwa n'komwe chimene akuombera.

Nthawi imeneyo nandolo anali atayamba kuuma, makoko akulira m'minda mphepo ikawomba. Belu la njinga lija linali likulirabe.

Ndinapita kwa alamu nditanyamula mipeni m'manja awiri. Anaiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pa khutu.

"Mukufuna mumalize mbali inayi?"

"Ndikupempha kamodzi kokha, alamu. Ikakanika, ndidzabwera kwa ankhoswe ndekha, osachita kundiitana."

"Chabwino. Koma inu mudzaime pomwe ndinaima ine."

Ndinati eya. Nkhuku ija ndinaisamutsa ndi mazira ake, ikundijompha. Dzimbiri ndinalichotsa ndi mchenga ndi palafini. Mipeni ndinaimanga, chomangira chikugwira chitsulo chokwanira bwino, popanda chitini pansi. Poyeza kutalika ndinagoneka kamtengo kowongoka pa tebulo la makina n'kuzungulitsa mutu ndi dzanja. Mpeni ukakhudza kamtengoko umakakoka pang'ono. Wachiwiri uyenera kukakoka chimodzimodzi, kumanja ndi kumanzere komwe. Mabawuti ndinamanga kuyambira pakati kupita kunja, n'kubwerezanso, n'kubwerezanso, mpaka alamu anati, "Mukufuna muwathyole?"

Mbiri inali itamveka. Amayi a kuchigayo anaima patali, madengu pamutu, okonzeka kuthawa. Alamu anatulutsa aliyense m'shedi momwe munali makinawo. Kenaka tinayang'anana: ine ndikaima kotulukira, thabwa alowetsa ndani? Mpeni ukauluka susankha mbali. Ndiye ndinangomva mawu kumbuyo.

"Pa mwala wanga ndi pomwe yanoledwa. Ndilowetsa ine."

Che Twaibu, atavula epuloni ya nyama, munthu woti sanagwirepo makina chibadwire. Ndinawaonetsa poika manja. Alamu anakankhira lamba pa gudumu ndi mtengo wautali n'kuthawira kuseri kwa injini. Ine ndinaima pamalo paja, nsanamira ya chipsera ili pambali panga. Ndinati, Ambuye, ngati ndi lero, bola mwandipeza ndili bwinobwino.

Mutu unayamba kuzungulira. Ndinatchera khutu kudikira kunjenjemera. Kunalibe. Makina anangoti wuuu, liwu limodzi, losalala. Che Twaibu anati bisimila, n'kukankha thabwa la mbawa. Linalowa, zopala zikuuluka zopotanapotana, fungo la mbawa lili guu m'shedi monse, ndipo linafika m'manja mwanga lofunda, loterera, lopanda mzere ngakhale umodzi. Abale inu! Ndinalikumbatira thabwalo. Kunja nthungululu zinalira. Che Twaibu, munthu amene ndinali ndisanamuonepo mano, anaseka mpaka chipewa kugwa, akufuula kuti, "Lina! Bweretsani lina!" Tinapala matabwa onse anali pamenepo, ndi ena oti eni ake sanatitume.

Alamu anatuluka kuseri kwa injini, anayendetsa chikhatho pa thabwa, analitembenuza, anayendetsanso.

"Makina mwawadzutsa, alamu. Mawa muyambe ntchito. Koma za kunyumba sindingakulonjezeni. Mwini wake ndi mlongo wanga, ndipo ankhoswe tinawauza kale tsiku."

Mayi a Dolika sanali m'gulu la amayi aja. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi, kunalibe.

Ndinayamba ntchito, ndikugona m'shedi momwemo pa zopala. Makasitomala anabwerera, ndi mawu awo aja a fumbi la pakhosi. Ndinkawayankha kuti fumbi langa limatsika ndi nzimbe. Mpaka lero pa shedi panga sipasowa nzimbe, mwina n'chifukwa chake mano akutsogolowa anapita. Koma mtima sunali m'malo. M'midzi anali atayamba kupuntha nandolo. Thabwa lililonse ndikalipala ndinkaganiza, kodi ndikupalira bedi la wa matimati?

Kutatsala masiku owerengeka kuti ankhoswe akhale, ndinawaona mayi a Dolika akubwera ndi dengu la chimanga. Anagayitsa. Anzawo anapita, iwo anatsalira, akuchita ngati akumanga bwino nsalu pa dengu. Lamba atasamutsidwira ku makina, anabwera n'kuima pakhomo la shedi. Ndinachotsa lamba msangamsanga, mpaka kutsala pang'ono kudzipana chala.

"Mwaswera bwanji, bambo a Dolika?"

Zaka ziwiri ndisanamve dzina limenelo m'kamwa mwawo. Ndinayankha, koma sindikudziwa kuti ndinati chiyani.

Anayang'ana makina, anayang'ana matabwa, anayang'ana denga. Ine ayi. Kenaka anati, "Chitseko cha kunyumba kuja chadyedwa ndi chiswe. Mbuzi zikumalowa."

"Ndikupangirani, mayi. Cha mlombwa. Muyeso mwabweretsa?"

Apo ndiye anandiyang'ana, koyamba, m'maso mwenimweni.

"Ndiyeze ine, ndine mmisiri? Mubwere mudzayeze nokha." Anasenza dengu lawo, anayenda pang'ono, n'kutembenuka. "Ndipo musabwere mutadya."

Abale anga, inu akumbuyoko, ndinasamba kawiri tsiku limenelo. Ndinapita ndi tepi m'thumba, ndikuyenda ngati mnyamata, ndikupatsa moni ndi mbuzi zomwe. Koma tsikulo sindinayeze kanthu. Chitsekocho ndinachiyeza m'mawa mwake, nditaima cha m'kati.